Akuti ndipite kokawotcha: ndimvere anzanga kapena achipatala?

Funso lachokera kwa mayi wina wa zaka 46, mphunzitsi wa kupulayimale. Akuti: "Anandichotsa bere lakumanzere, ndipo kemo (mankhwala opha khansa) ndamaliza mwezi wathawu. Tsopano akuti ndikalandire radiotherapy masiku 15. Tili ndi gulu pa WhatsApp la amayi amene tinkakumana pa benchi ya kemo. Mmodzi akuti iye anamuwotcha masiku 25, ndiye ine akundiponda. Wina anatumiza chithunzi cha chilonda chake, usiku umenewo sindinagone. Wina akuti osasamba mpaka kumaliza. Kunyumba apongozi akuti ndisadzanyamule kamdzukulu chifukwa mphamvu ya makina idzatsalira m'thupi. Ndimvere ndani? Ndikonzekere bwanji? Kapena ndingotulukamo m'gulumo?"

Amayi, musatulukemo. Pa zonse mwafunsazi, ili ndi limene ndikuyankha mosajejema. Ntchito yanga ndi yogoneka anthu pa makina amene mukuwaopawo, ndipo mayi amene wacheza kale ndi mnzake wodutsamo ndimamudziwa akangolowa. Amavula bulauzi, n'kugona, n'kukweza manja ndisanalankhule. Amene wabwera yekha ndi mantha ake amaima pakhomo atafumbata chitenje pachifuwa, maso ali tong'o pa makina ngati waona fisi masana. Anzanuwo pali zimene akuzidziwa kuposa ine. Palinso zimene akungonena poti anamva, kapena poti zinawachitikira iwo ndiye akuyesa zichitikira aliyense. Ndiyesa kukusankhirani mpunga ndi mankhusu.

Theka la mantha limachokera ku mawu akuti kuwotcha, amene anthu amatchulira radiotherapy. Ifenso timawagwiritsa ntchito tikamafulumira, koma amasocheretsa. M'chipinda muja mulibe moto, mulibe chitsulo chofiira, ndipo makinawo sakukhudzani n'komwe. Dzina lake ndi linear accelerator. Amatulutsa kuwala kwa mtundu wa X-ray, konga kumene anakujambulirani pachifuwa, kungoti uku n'kwamphamvu kwambiri. Simukuona, simumva kutentha, simumva kupweteka. Mumangomva makina akung'ung'udza, mutu wake waukulu ukuzungulira pang'onopang'ono, kuima mbali iyi, kenako mbali inayo. Kuwalako kumawononga DNA, malangizo a m'kati amene selo limayendera, ya maselo a pamalo amene alozawo. Maselo abwino amadzikonza pofika mawa lake. A khansa sadziwa kudzikonza bwino, ndiye akafuna kugawikana amafa. Ichi n'chifukwa chake sitipereka zonse tsiku limodzi.

Mwina mukudzifunsa kuti poti bere analichotsa, akufunanso chiyani. Mpeni wa dokotala umachotsa zimene maso akuona. Koma ngati chotupa chinali chachikulu, kapena khansa inapezeka mu anabere a m'khwapa, pamatha kutsala timaselo tosaoneka pa khungu la pachifuwa, m'mbali mwa chipsera, kapena mu anabere a pamwamba pa fupa la m'khosi. Timaselo timeneti ndi timene tikutisaka. Mu 2011 gulu la akatswiri la ku Oxford linasonkhanitsa zotsatira za amayi oposa 10,000 amene anangochotsedwa chotupa bere n'kutsala. Mwa amene sanalandire radiotherapy, khansa inabwerera mwa 35 pa 100 aliwonse mkati mwa zaka 10. Mwa amene analandira, 19 pa 100. Mu 2014 gulu lomwelo linaonetsa kuti ngakhale kwa amayi ochotsedwa bere lonse, ngati anabere anali ndi khansa, radiotherapy imachepetsa kubwerera kwa matendawa komanso imfa.

Tsopano za masiku 15 ndi 25. Palibe amene akukupondani. Kwa zaka zambiri mlingo wodziwika unali ma gray 50 (gray ndi muyezo wa kuwala kumene thupi lalandira), ogawidwa masiku 25, ma gray 2 pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, masabata asanu. Kenako ku Britain anachita kafukufuku wotchedwa START, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008 ndipo zinatsimikizidwanso mu 2013 atawatsatira amayiwo zaka 10. Anapeza kuti ma gray 40 m'masiku 15 amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo bere ndi khungu sizivutika kwambiri pakapita zaka. Poti ndinu aphunzitsi mwaona kale kuti 40 ndi wochepa kwa 50. Masamu ake si a kugolosale. Pa masiku 15, tsiku lililonse mumalandira pafupifupi ma gray 2.7, ndipo mlingo wokulirapo pa tsiku umamenya mwamphamvu kuposa mmene nambala ikuonekera. Mu 2020 kafukufuku wina, FAST-Forward, anaonetsa kuti kwa amayi ena oyenerera ma gray 26 m'masiku asanu okha amakwanira. Ndiye tsiku lina m'gulu mwanumo mudzalowa wina wonena kuti iye anamaliza sabata imodzi, ndipo a masiku 15 ndi amene mudzayambe kudandaula kuti anakuchedwetsani. Ena amawonjezeredwa masiku angapo a pamalo penipeni pamene panali chotupa. Mnzanu wa masiku 25 uja sananame, wangofotokoza dongosolo lake. Lanu lalembedwa poyang'ana kukula kwa chotupa chanu, anabere anu, opaleshoni yanu. Ngati mtima sukukhazikika, funsani dokotala kuti, "Mwasankhiranji 15 kwa ine?" Funso limeneli si lamwano, ndipo yankho lake ndi la mphindi ziwiri.

Apongozi aja auzeni mwaulemu kuti makinawa ali ngati babu la magetsi: akathimitsa, kuwala kwatha, sikutsalira m'zovala kapena m'thupi. Mukatuluka m'chipindamo mutha kunyamula khanda, kudya mbale imodzi ndi ana, kugona bedi limodzi ndi bambo a kunyumba. Mawu a apongoziwo ali ndi kochokera, chifukwa pali chithandizo china, monga ayodini wakumwa wa matenda a chithokomiro, chimene munthu amauzidwadi kuti atalikirane ndi ana kwa masiku angapo. Chanu si chimenecho. Ngati sakukhulupirira mawu anu, atengeni tsiku lina adzamve okha kwa ife. Ndaonapo azimayi akupatulidwira kapu ndi mbale pakhomo pawo pomwe chifukwa cha nkhani yabodza imeneyi, ndipo imapweteka kuposa khungu.

Chimodzi chimene m'gulu sachitchula kawirikawiri ndi mimba. Pa nthawi ya radiotherapy simuyenera kuima. Kemo imatha kuimitsa msambo, koma zimenezi sizitanthauza kuti kubereka kwatha. Njira za jakisoni ndi mapiritsi zili ndi mahomoni, ndipo sizilimbikitsidwa kwa mayi wa khansa ya m'mawere. Kambiranani ndi anamwino za makondomu kapena lupu yopanda mahomoni.

Za kusamba, mnzanuyo akunena lamulo lakale. Kale ankaletsadi, koma zinaoneka kuti kusamba sikuwonjezera vuto la khungu, ndipo khungu la thukuta ndi litsiro ndi limene limayamba kununkha ndi kutenga tizilombo. Sambani tsiku lililonse. Madzi akhale ofunda pang'ono, osati otentha ofuka nthunzi. Sopo wamba wopanda fungo lamphamvu, wopakidwa ndi chikhatho. Chinkhupule chisayandikire pachifuwa ndi m'khwapa. Popukuta musakhule, ingosindikizani kansalu kofewa, ndipo m'khwapa muume bwinobwino. Chokhacho choti musamale ndi zizindikiro zimene tidzaika pakhungu panu zolozera makina. Zipatala zina zimaika timadontho ta inki tosafufutika, tating'ono ngati kambewu ka mpiru, ndipo timeneto simungatichotse ndi madzi. Zina zimalemba ndi cholembera n'kumata kapulasitiki pamwamba. Zoterozo musazikhule, ndipo zikayamba kuzimiririka musadzilembere nokha. Mayi wina anabwera atadzikonzera mzere ndi bolopeni kuti asativutitse; tinaseka naye, koma tinayambanso kuyeza.

Chithunzi chija ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa sindikunamizani kuti khungu silisintha. Limasintha. Sabata yoyamba ambiri saona kanthu, mpaka ena amafunsa ngati makina akugwiradi ntchito. Kumapeto kwa sabata yachiwiri kapena yachitatu khungu limayamba kuuma, kuyabwa, kumva ngati lathina. Mabuku ambiri amati limafiira, koma analembedwa poyang'ana khungu loyera. Pa khungu lathu limada, nthawi zina n'kuoneka lotuwa kapena lonyezimira, ndipo mumaona malire ake owongoka ngati anayeza ndi rula. Kwa ena limathera pomwepo. Kwa ena limafundula mouma ngati mbatata yootcha. Kwa ochepa, makamaka m'khwapa kapena m'munsi mwa bere momwe khungu limakhudzana ndi kuchita thukuta, limasupuka n'kumatuluka timadzi. N'kutheka chimenecho ndi chimene munaona. Kwa inu ochotsedwa bere, khungu lenilenilo ndi limodzi mwa malo amene tikufuna kuwala kufike, ndipo nthawi zina timayala kanthu kofewa ngati mphira pachifuwa kuti mlingo ufike pamwamba. Ndiye musadabwe likada kwambiri kuposa la mnzanu amene bere lake lilipo.

Chimene chimadzidzimutsa anthu n'chakuti khungu limafika poipitsitsa mutamaliza, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, muli kunyumba, ife tili kutali. Ambiri amayesa kuti china chalakwika. Ndi mmene zimayendera, kenako limayamba kupola, ndipo pakatha mwezi kapena kupitirirapo pang'ono ambiri amakhala apola, ngakhale kuda kumatenga miyezi kuti kuchepe. Musanachoke tsiku lomaliza, funsani kuti likasupuka mupite kuti ndipo muikepo chiyani. Chithunzi chija chinajambulidwa tsiku loipitsitsa. Mupempheni mnzanuyo akuuzeni mmene pakuonekera lero.

Pa zodzola, tsatirani zimene a pamalo anuwo akupatseni, chifukwa malo amasiyana. Nthawi zambiri ndi mafuta wamba opanda fungo, opakidwa mopyapyala kuyambira tsiku loyamba, osati kudikira kuti payambe kuyabwa. Mafuta oyeretsa khungu ayi. Masamba osinja, phulusa, mankhwala otsukira mano, mafuta otenthetsa a misempha, zonsezi ayi, ngakhale atabweretsa ndi azakhali amene amakukondani. M'khwapa musamete ndi lezala. Tsitsi la mmenemo litha kuthothoka lokha. La kumutu silikhudzidwa, limene layamba kumera pambuyo pa kemolo lipitiriza kumera. Valani malaya a thonje otakasuka. Kamisolo ya waya ipume, ndipo bere loikirira lolemera lija lidikire khungu lipole. Pachifuwa pasaombedwe dzuwa. Ndipo pali china chimene mabuku akunja sachidziwa: kuwerama pa mbaula kapena pa mafuwa mukuvundula nsima, moto ndi nthunzi zikuomba pachifuwa. Masabata amenewa mthiko ugwire wina.

Kukonzekera kwenikweni, kumene mungayambe lero lino, ndi mkono. Musanayambe chithandizo mudzajambulidwa CT, chithunzi cha m'kati mwa thupi chokonzera mapulani. Mudzagona chagada pa thabwa lopendekeka, manja onse kapena umodzi uli pamwamba pa mutu, osasuntha kwa mphindi 15 kapena 20. Mmene mwagonera tsiku limenelo ndi mmene muzidzagonera masiku onse 15. Vuto n'lakuti pambuyo pa opaleshoni ya m'khwapa phewa limauma, ena amamva ngati kachingwe kakukoka kuchokera m'khwapa kutsikira m'chigongono. Mayi amene mkono sukwera timamubweza kuti akayambe wauongola, ndipo masiku amatayika. Ndiye imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo pang'onopang'ono ngati nyerere, mpaka pamene mwamva kukoka koma osati kupweteka kobaya. Lembani ndi choko pamene mwafika, choko muli nacho. Mawa mupitirire pang'ono. Pesani kumutu ndi dzanja la mbali yochitidwa opaleshoniyo. Gonani pa mphasa, gwirani ndodo kapena mthiko ndi manja awiri, muukweze kudutsa pamutu. Kawiri kapena katatu pa tsiku. Ngati sukusuntha, pemphani akutumizeni kwa a fiziyo, akatswiri oongola ziwalo, musanafike tsiku la CT. Zolimbitsa mkonozi mudzazipitirize ngakhale mutamaliza, chifukwa radiotherapy imaumitsanso minofu pakapita miyezi.

Poti ndi kumanzere, pali nkhani ya mtima. Mtima uli kuseri kwa nthiti za mbali imeneyo, ndipo okonza mapulani amayesetsa kuupewa. Njira imodzi ndi yakuti mukoke mpweya wambiri n'kuugwira kwa masekondi pafupifupi 20 pamene makina akuwala; mapapo akadzaza, chifuwa chimakwera, mtima n'kutalikira. Si malo onse amene amagwiritsa ntchito njirayi, ndipo si aliyense amene imamufunikira, koma kuyeserera sikulipiritsa. Gonani chagada, manja pamwamba, kokani mpweya ndi mphuno mpaka chifuwa chidzaze osatukula msana, werengani. Yambani ndi 10. Pakatha sabata ambiri amafika 20 osavutika.

Pakati pa CT ndi tsiku loyamba pamadutsa masiku angapo, nthawi zina sabata imodzi kapena ziwiri. Sanakuiwaleni. Dokotala amakhala akujambula pa kompyuta malo ofunika kuwala ndi malo oyenera kupewa, ndipo akatswiri a fizikisi amawerengera ndi kuyesa mapulaniwo asanafike pa thupi lanu. Tsiku loyamba limatalika chifukwa timatsimikiza zonse. Masiku enawo mumakhala m'chipinda mphindi 10 mpaka 20, zambiri mwa izo tikukusunthani pang'onopang'ono kuti timadontho tigwirizane ndi timizere ta nyali zoyezera. Kuwala kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa. Musatithandize posuntha, ingolemerani ngati thumba la chimanga, tikukankhani tokha. Kenako timatuluka, chitseko n'kutsekeka, mumatsala nokha. Apa ndi pamene ambiri mtima umagunda. Tikukuonani pa kamera, tikukumvani, ndipo mukalankhula timaimitsa makina nthawi yomweyo. Mayi wina ankaimba nyimbo ya kwaya chamumtima, akuti ikafika ndime yachitatu amadziwa kuti tikubwera. Dziwaninso kuti pakati pathu pali amuna, ndipo mudzavula kuyambira m'chiuno kupita kumtunda. Bwerani ndi chitenje, timafunditsa mbali imene sitikuigwira. Ngati zikukuvutani, nenani poyamba pomwe.

Pa za ulendo ndi pokhala, apa ndiye anzanu aja ndi aphunzitsi, ine ndine mwana wa sukulu. Kwa zaka zambiri Malawi analibe makina amenewa. Odwala ankatumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndipo ambiri ankadikira pa mndandanda mpaka nthawi kutha. Mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira, ndipo mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Zasintha kwambiri, komabe kwa mayi wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje ndi masabata atatu okhala kwa eni. Mugona kwa ndani, minibasi yake ndi iti, munyamuke nthawi yanji kuti musapeze mzere, chakudya mugula pati, gadiyani akhala nanu masiku onse kapena sabata yoyamba yokha, kusukulu mupempha bwanji tchuthi: mafunso amenewa aponyeni m'gulu. Amene anadutsamo adzakuuzani ndi mitengo yomwe. Tengani buku lanu la kuchipatala, zotsatira za kulabu za chotupa chija, kalata ya opaleshoni ndi ya kemo, ndipo zonsezi muzijambule pa foni. Ndalama ya mayendedwe ya masiku onse 15 ikhale pambali musanayambe, kaya ichokera ku banki mkhonde kaya kwa abale, chifukwa imene imathera pakati ndi imene imadumphitsa anthu masiku.

Kudumpha masiku ndi chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa khungu. Dongosololi linawerengedwa kuti maselo a khansa asapeze mpata wochira. Loweruka ndi Lamlungu zili kale m'masamuwo, koma kusowa sabata yathunthu ayi. Ndipo chimene chimasowetsa amayi athu nthawi zambiri si ulesi, ndi maliro. Uthenga ukabwera kuti kumudzi kwagwa zovuta, mayi amanyamuka, n'kubwera patatha masiku asanu. Khalani pansi ndi a kubanja musanayambe, muwauze kuti masabata atatu amenewa, chilichonse chingagwe, wina adzakuimirirani, inu mudzapita kukapepesa mukamaliza. Ankhoswe ndi atsibweni akamva zimenezi pasadakhale, sadzakunenani. Zikavuta ndithu, kaya mwadwala, kaya makina aima poti nawonso amafuna kukonzedwa, lankhulani nafe. Tsiku lotayika timalibweza, sitingolisiya.

Mankhwala anu ena musasiye. Ngati mumamwa ma ARV, a shuga kapena a BP, pitirizani ndipo tiuzeni. Shuga wosalongosoka amachedwetsa khungu kupola. Za tamoxifen kapena mapiritsi ena a mahomoni, dokotala wanu ndi amene anene tsiku loyambira. Ogulitsa zitsamba ndi timabotolo todula ta mavitamini amadziwa kumene odwala khansa amasonkhana, ndipo ena amalowa m'magulu a pa foni omwewa atavala nkhope ya wodwala. Wina akayamba ndi umboni n'kumalizira ndi mtengo, mwamudziwa. Mavitamini a mlingo waukulu sitiwalimbikitsa pa nthawi ya radiotherapy. Chakudya ndi chomwe chija: nsima, nyemba, usipa, mazira, masamba otendera, zipatso za nyengo, madzi okwanira. Ino si nthawi yoonda kapena kusala kudya masiku ambiri, chifukwa thupi likasintha kwambiri mapulani aja sakukwananinso.

Kutopa kudzabwera, makamaka poti mwangochoka pa kemo. Kumayamba mozemba chakumapeto ndipo kumatha kukhalapo masabata angapo mutamaliza. Chodabwitsa n'chakuti kugona tsiku lonse kumakuwonjezera, pamene kuyenda pang'ono m'mawa kapena madzulo kumakuchepetsa. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a kumphakati akabwera kudzakuonani n'kufunsa kuti tithandize chiyani, musayankhe kuti mapemphero okha. Nenani kuti Lachiwiri pakufunika wochapa, Lachinayi wotunga madzi. Anthu amafuna kuthandiza, amangosowa pogwira.

Ndibwerere ku gulu lija. Nzeru yakuti wodwala athandize wodwala mnzake si yachilendo m'chipatala. Mu 1952 mayi wina wa ku New York, Terese Lasser, atachotsedwa bere anapeza kuti palibe amene ankamuuza za mkono, za chovala, za mmene angayang'anirane ndi mwamuna wake. Anayamba kuyendera amayi anzake m'zipatala, ndipo ntchito yake, Reach to Recovery, inafalikira m'mayiko ambiri. Kuno kwathu malemu Blandina Khondowe, amene anakhalapo Miss Malawi, analankhula poyera za khansa yake n'kuyambitsa Think Pink Malawi pa nthawi imene ambiri ankabisa matendawa ngati chamanyazi. Koma mabungwe otere amaphunzitsa anthu awo chinthu chimodzi chimene gulu la pa foni lilibe: kunena kuti "ine zinandichitikira motere" n'kulekera pomwepo, osapitirira kuti "inunso chitani motere." Mukamawerenga mauthenga, mvetserani pamenepo. Mnzanu akamafotokoza zimene anaona ndi kumva, ndi mboni, mumvereni. Akayamba kutchula mlingo, masiku, mankhwala oti musiye kapena muyambe, lembani mawu akewo pa pepala mubwere nawo kwa ife.

Ndikanakhala inu, ndikanasankha mayi mmodzi m'gulumo, amene anamaliza miyezi ingapo yapitayo, wochotsedwa bere ngati inu, wosakonda kukokomeza. Ndikanamuimbira foni, osati kulemba. Ndikanamufunsa chimene chinamudzidzimutsa tsiku loyamba, chimene akanakonda akanadziwa, ndi mmene anachitira ndi bambo a kunyumba pa nkhani ya chipsera, poti imeneyo sitiikamba mokwanira m'chipatala ndipo pa gulu anthu amachita nayo manyazi. Ngati angathe kukuperekezani tsiku la CT, ndi bwino kuposa gadiyani amene akunjenjemera kuposa inu. Ndipo pemphani gulu lonse kuti mugwirizane kalamulo kakang'ono: chithunzi cha chilonda chizipita kwa amene wachipempha, osati kwa onse pakati pa usiku. Foni muziitseka pakamwa ikakwana nthawi yogona. Kutero si kuthawa anzanu.

Pali china chimene simunafunse koma chidzafika. Tsiku lina m'gulumo mudzalowa uthenga wa maliro a mmodzi wa inu, mwina amene munkakhala naye benchi imodzi. Mudzalira, ndipo pansi pa kulirako mudzamva mantha akuti kenako ndi ine. Aliyense m'gulumo adzamva chimodzimodzi, ngakhale onse adzangolemba kuti mzimu wake uuse mumtendere. Khansa ya m'mawere si nthenda imodzi. Pali mitundu yake, pali msinkhu umene inapezekera, ndipo amayi ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala itapita kale patali. Ulendo wa mnzanuyo sukunena za wanu. Mantha amenewo akakana kuchoka, mukasiya kudya kapena kugona masiku otsatizana, tiuzeni monga mmene mungatiuzire za chilonda.

Mukamaliza, pali zizindikiro zoti musadikire nazo tsiku la sikelo yanu: kutentha thupi, mafinya kapena fungo pa khungu losupuka, mkono kapena dzanja kutupa ndi kulemera, mphete kuyamba kuthina. Komanso chifuwa chouma ndi kubanika kumene kungabwere pakatha mwezi umodzi mpaka miyezi ingapo. Sizichitika kwa ambiri, koma kambali ka mapapo kamene kanakhudzidwa ndi kuwala kamatha kutupa. Kuchipatala cha kwanuko adzayamba aganiza za TB, ndipo ndi bwino ayeze, koma inu muwauze momveka kuti munalandira radiotherapy pachifuwa chakumanzere, mwezi wakutiwakuti, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Kamdzukulu kaja kanyamuleni tsiku lililonse mukachokera ku makina. Kungoti muzikakhazika mbali ya kumanja, poti kamutu kake ndi tizala take sitidziwa kuti kumanzereko khungu likupola.